Mwana Amene Ndinamutseka Pakamwa ndi Ulemu

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, nonse amene mawu angawa akupezani. Mtendere ukhale nanu kumene muliko. Anthu ambiri akaima kupereka umboni amanena za matenda amene anachira kapena ntchito imene anaipeza atavutika. Wanga ndi wosiyana pang'ono, ndipo ndauzengereza zaka zambiri chifukwa umandichititsa manyazi. Ine ndinatsala pang'ono kutaya mwana wanga mmodzi yekhayo ali moyo, tikukhala m'nyumba imodzi. Anasiya sukulu, anasiya kuyankhula, ndipo amene anamutseka pakamwa sanali mfiti kapena mdani. Ndinali ine bambo ake.

Kwathu ndi ku Phalombe. Tinabwera ku Ntchisi pa lole ya esiteti, ine, mkazi wanga Agnesi ndi mwana wathu Edina, kudzalima fodya wa bale ngati matenanti m'mapiri a kufupi ndi Malomo. Dzinja lachiwiri Agnesi anadwala masiku anayi okha n'kutisiya. Tinamuika kumanda a alendo kumapeto kwa esiteti, ndipo anthu amene anabwera sanadzaze ngakhale mthunzi wa mtengo umodzi. Kalata ya uthenga inafika kwathu patapita milungu itatu. Ndinatsala ndi mwana wa zaka zisanu ndi zinayi, khasu, njinga yakale ndi Baibulo la malemu.

Kuyambira pamenepo ndinagwidwa ndi mantha amodzi, oti anthu adzanena kuti mwana woleredwa ndi mwamuna alibe mwambo. Choncho ndinamulera Edina ngati msilikali. Popereka madzi agwade. Poyankhula ndi wamkulu maso akhale pansi, mawu akhale otsika, ndipo asayankhe kuposa chimene wafunsidwa. Itafika nthawi ya mavoti a zipani zambiri, mantha anga anakula. Dziko lonse linatsegula pakamwa, anthu akukangana za ndale kuchigayo, kumsika ngakhale pamaliro, koma ife a kummwera tinkayang'anidwa ndi diso lina. Ndikamadutsa pa Malomo ndinkamva ena akunong'onezana kuti ndi omwewa atisinthira boma. Ndikafika kunyumba ndinkamuuza mwana kuti kwa eni kulibe mkuwe, ife ndife alendo, tigwire ntchito tikhale chete. Edina anali mwana womvera, ndipo ine ndinkatupa mtima anthu akamati mwana wa tenanti uja ngwaulemu.

Chabwino chimene ife amphawi tinachiona masiku amenewo chinali sukulu yaulere. Edina, amene anali atalekezera sitandade 2, anabwerera kukakhala pansi pa mtengo pamodzi ndi chinamtindi cha ana ena. Mutu wake unali wa mayi ake, osati wanga. Ali mu sitandade 5, aphunzitsi ake a Mbewe anandipeza kuchigafa ndikupachika mikangala ya fodya. Anati pa Malomo pakhala mpikisano wa ndakatulo wa masukulu a m'dera lathu, ndipo Edina walemba yakeyake imene yaposa za anzake onse, choncho ndi iye akaimire sukulu. Ndinatsika pachigafa msangamsanga. Chichokereni kwathu palibe munthu anali atandifunafuna kuti andiuze chinthu chabwino.

Apa mpamene ndinalakwira. Sindinamufunse mwanayo kuti ndakatuloyo ikunena za chiyani. Ine mtima unali pa maonekedwe basi. Ndinachapa yunifolomu kawiri, ndinakabwereka simbi ya makala kwa akazi a kapitawo, ndinamumeta tsitsi ndi lumo latsopano. Dzulo lake la mpikisano ndinamukhazika pansi n'kumupatsa malamulo.

"Kumeneko kukakhala akuluakulu, mahedimasitala ndi mabwana ochokera kuboma. Ukafika pamaso pawo ukagwade. Usakawayang'ane m'maso, usakakuwe ngati uli kudambo. Akaone kuti unaleredwa."

Edina anayesa kundiuza. Anati, "Koma bambo, aphunzitsi anati tiziima, tizikweza mawu."

Ndinamudula. "Aphunzitsi akowo ndi mnyamata wa dzana lomweli. Wakubala ndine."

M'mawa mwake tinalawirira. Ndinamukweza panjinga ndipo manja ake atagwira malaya anga ankazizira ngati watuluka mumtsinje. Titafika tinapeza holo itadzaza. Makolo a ana ena anabwera m'magulu, amayi atavala zitenje zofanana, akuseka ndi kuitanizana mayina. Ine ndinaima kumbuyo pafupi ndi zenera, chipewa m'manja, popanda wondipatsa moni. Mwana amene anayamba ankaponda pansi mwamphamvu, akuloza oweruza ndi chala, mawu ake akumveka mpaka kumsewu. Mumtima ndinati, mwana wamwano uyu, dikirani wanga akuonetseni khalidwe.

Anaitana dzina la Edina. Anayenda bwinobwino mpaka patsogolo pa tebulo la oweruza atatu, n'kugwada. Kenako mwana wina anaseka, ndipo kuseka kuja kunafalikira mpaka kwa akuluakulu. Mayi wina wa magalasi pakati pa oweruzawo anati, "Imirira mwana iwe, sitikukumva." Edina anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kundifunafuna ine. Akulu amuuza kuti aime, bambo ake anamuuza kuti agwade, ndipo onsewo ndi oyenera kuwamvera. Anaimirira maso ali pansi, milomo ikugwedera, koma mawu osatuluka. Anaima choncho mpaka wosunga nthawi anaimba belu. Powerenga zotsatira dzina lake linali lomalizira.

Pobwerera tinafika pachitunda chimene munthu amatsika n'kumakankha njinga. Pamenepo, tili awiriwiri, ndinalankhula mawu amene ndimawalapabe mpaka lero. Ndinati, "Wandichititsa manyazi." Sanalire. Anangopitiriza kukankha njinga kumbuyo kwanga. Mawa lake a Mbewe anabwera kudzamupepesa mwanayo, n'kundifunsa ngati ndikudziwa amene anamuuza zogwada. Ndinayang'ana kumbali n'kunena kuti mwina ndi mantha chabe. Edina anali pomwepo akutsuka mbale, ndipo anandimva ndikunama.

Kusukulu anapitako masiku atatu okha. Anzake akamuona akubwera ankagwada m'njira n'kumagwedeza milomo ngati mbuzi ikubzikula. Tsiku lachinayi anapinda yunifolomu n'kuiika pansi pa mphasa. Ndinakalipa, ndinanyengerera, ndinaopseza ndi chikoti, koma zonse zinapita pachabe. Choopsa kwambiri chinali chakuti anasiya kuyankhula. Ntchito ankagwira yonse, madzi ankandipatsa atagwada monga kale, koma mawu ake anatsala awiri okha, inde bambo ndi ayi bambo. Ulemu wonse umene ndinkaufuna ndinaupeza, ndipo m'nyumba mwanga munazizira ngati mwafanso munthu.

Kenako akazi a kapitawo anabwera ndi nkhani. Anati mchemwali wawo ku Lilongwe akufuna mtsikana wolera mwana, wofatsa, wosayankha, ndipo Edina ndi woyenera ndithu popeza sukulu wasiya. Anati akamutengera kumeneko tikangomaliza kudinda fodya. Ndinamuyang'ana Edina ndikuyembekeza kuti akana, koma iye anangogwedeza mutu kuvomera. Ine ndemwe sindinathe kukana, chifukwa tenanti satsutsana ndi nyumba ya kapitawo. Ndinadziwa kuti akakwera basi imeneyo sukulu yathera pomwepo, ndipo achoka ali ndi mawu anga aja mumtima.

Abale, kusungulumwa kwa masiku amenewo sindikufunira munthu aliyense. Kutchalitchi ndinkakhala benchi yakumapeto, ndipo anthu akamatuluka aliyense ankapita ndi abale ake. Ndinalibe mlongo woti amulankhule mwanayo, ndinalibe mnzanga woti ndimuuze kuti ndalakwa. Lamulungu lina masana ndinapita kumanda a Agnesi. Ndinadabwa kupeza pamandapo posesedwa bwino, udzu utazulidwa, pamene ine ndinali ndisanapondeko miyezi yambiri. Ndinagwada pamenepo n'kulira ngati mwana. Pemphero langa silinali lalitali. Ndinati, Ambuye, ine ndathyola chinthu chimene sindingathe kuchilumikiza. Ndibwezereni mawu a mwana wanga, ngakhale akhale mawu ondikalipira.

Yankho silinabwere ndi mbusa kapena mkulu wa mpingo. Linabwera ndi munthu amene ine ndinkamulambalala. Pa esiteti yathu panali a Kanyemba, bambo wachikulire wa komweko ku Ntchisi, amene ankagwira jeke, chida chodindira fodya m'mabelo. Anali ogontha. Makutu awo anafera kumigodi ya ku Joni ali mnyamata, ndipo ankamva poyang'ana pakamwa pa munthu. Anali aukali, kutchalitchi sankapondako, ndipo ana ankawathawa. Ine ndinali nditamuuza Edina kuti asamayandikire kwa iwo.

Popeza Edina sankapita kusukulu, ndinkamutenga kushedi kumene tinkasankha fodya. Kapitawo anamupatsa ntchito yonyamula fodya wosankhidwa kupita naye kujeke, n'kuwauza a Kanyemba giredi yake. Ntchitoyo imaoneka yaing'ono koma si yamasewera, chifukwa magiredi akasakanikirana m'belo limodzi, belo limenelo limabwezedwa ku okushoni. Tsiku loyamba Edina anafika pajeke, anatula mtolo, anagwada, anayang'ana pansi n'kunong'ona giredi monga ndinamuphunzitsira. A Kanyemba anamenya chitsulo cha jeke ndi dzanja.

"Asa! Iwe mtsikana, ukuwauza nyerere kapena ine? Makutu ndinasiya ku Joni, ndimamva ndi maso. Ukabisa pakamwa wanditukwana. Ima, undiyang'ane, unene zomveka!"

Ndinatsala pang'ono kudzuka kuti ndikamulanditse, koma mantha anandikhazika pansi. Edina anaimirira, anawayang'ana kumaso n'kunena giredi. Anati abwereze. Anabwereza. Anati atsegule pakamwa ngati munthu amene wadya. Kachitatu mawu anatuluka mpaka tonse mushedi tinatembenuka. A Kanyemba anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, ulemu wake ndi umenewo." Ine zaka zonsezi ndinali ndisanaganizepo kuti pali munthu amene ungamunyoze pomugwadira.

Zinapitirira choncho milungu ingapo. Tsiku lililonse Edina ankaima pamaso pa munthu woopedwa kuposa onse pa esiteti, kumuyang'ana m'maso n'kukuwa. Kunyumba anali adakali chete, koma kujeke ndinayamba kumumva akuwonjezera mawu ena, nthawi zina mpaka kuwatsutsa a Kanyemba za giredi. Mabelo ankachuluka, fodya wosadinda ankachepa, ndipo ine ndinkaona tsiku la ku Lilongwe likuyandikira.

Masana ena tikupuma, a Kanyemba anamuitana. Anati, "Anthu onse pano amaseka za pa Malomo, ine ndekha sindinamve nawo. Tanena zimene unkafuna kunena kumeneko, nanenso ndiseke." Edina anayang'ana kumene ndinakhala ine. Ulendo uno ndine ndinagwetsa maso. Anatembenukira kwa a Kanyemba n'kuyamba, pang'onopang'ono, akutsegula pakamwa kuti iwo awerenge liwu lililonse.

"Amayi, lole inatibweretsa atatu,
idzabwerera ndi angati?
Pamanda panu pamera chisoso,
wozula ndine ndekha."

Inali ndakatulo ya mayi ake. Inanena za chitenje chimene anasiya, za nyimbo imene ankaimba posinja, za bambo amene satchula dzina la malemuwo m'nyumba. Mawu anali a Agnesi enieni, okwera ndi osalala. Amayi ena amene anali asanandipatsepo moni ankapukuta misozi ndi nsonga za zitenje. Pamenepo ndinadziwa amene ankasesa manda aja. Mwana wanga anali atanyamula maliro yekha zaka zinayi, ndipo tsiku limodzi limene anapeza poti awatule, ine ndinamuuza kuti agwade akhale chete.

A Kanyemba sanaseke. Anayang'ana uku ndi uku n'kufunsa mokuwa, monga ogontha amachitira, "Mwana wotere anamumanga pakamwa ndani?" Ndinayankha chapansipansi kuti ndine. Anati sanaone pakamwa panga. Ndinaimirira, ndinawayang'ana, ndinanena mokweza pamaso pa shedi yonse kuti ndine, ndine ndinamuuza kuti akagwade, ndipo ndinanama kwa aphunzitsi ake. Kenako ndinatembenukira kwa Edina n'kumupempha kuti andikhululukire. Kwathu bambo sapepesa mwana pagulu, koma tsiku limenelo mwambo unandichepera. Edina analira kwa nthawi yoyamba chichokereni pa Malomo, ndipo analira mokweza.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa akazi a kapitawo n'kuwauza kuti mwana sapita ku Lilongwe. Ndinapita ndi mantha, chifukwa ndinkadziwa kuti akhoza kundiipitsira dzina kwa amuna awo. Ananyanyala, simbi yawo sanandibwerekenso, koma palibe choopsa china chinachitika. Ndinakaulula kwa a Mbewe, ndipo iwo anadzamutenga Edina okha kubwerera naye m'kalasi. Ana ena anayesa kugwadanso m'njira. Ndinamva kuti Edina anaima n'kuwafunsa ngati akupempha mvula, ndipo masewerawo anathera pomwepo.

Chaka chotsatira anamusankhanso. Musaganize kuti mantha anatha. M'mawa wa mpikisano anati bola tibwerere tisanafike n'komwe pamsewu. Ulendo uno sindinamupatse malamulo. Ndinangomuuza kuti kaya apambana kaya alephera, pobwerera tikwera njinga imodzi. Titafika pa Malomo tinapeza a Kanyemba atafika kale wapansi, atavala jekete lawo la ku Joni lonunkha fodya. Anakhala kumbuyo kwenikweni pafupi ndi ine, n'kumuuza Edina kuti, "Zamatebulozo usazione. Uziuza ine, ndipo ndikapanda kumva ndiimirira ndikukalipire pompano."

Anaitana dzina lake. Anawerama pang'ono kupereka ulemu kwa oweruza, kenako anaima chilili n'kuponya maso kumbuyo kwa holo. Mzere woyamba mawu ananjenjemera. Wachiwiri anakhazikika. Pofika pakati, ana amene ankasewera panja anali atadzaza m'mazenera. Atamaliza, amayi a kushedi kwathu amene anabwera osandiuza anaimba nthungululu, ndipo ine ndinapezeka ndikuomba m'manja chipewa chitagwera pansi.

Ndikanakonda kukuuzani kuti anapambana, koma umboni sufuna bodza. Anakhala wachitatu. Amene anapita ku mpikisano wa boma lonse anali ena, iye anangolandira makope ndi cholembera. Anatuluka misozi ili m'maso, chifukwa mtima wake unali pa nambala wani. A Kanyemba anamugwira paphewa n'kunena kuti, "Oweruzawo ali ndi makutu awiriawiri, zawo izo. Ine wopanda makutu ndamva mawu onse."

Pobwerera tinafika pachitunda chija n'kutsika kuti tikankhe njinga. Edina anayamba kudandaula. Anati wopambana uja analumpha mzere wathunthu ndipo oweruza sanaone. Anati mayi wa magalasi uja ankasinza. Anati inenso ndinaomba m'manja asanamalize ndime yachiwiri n'kumusokoneza, ndipo chaka chamawa ndikakhale panja. Analongolola chitunda chonse mpaka pamwamba, n'kupitiriza tili panjinga mpaka pakhomo. Ine ndinkangopalasa misozi ikutsika, chifukwa ndinakumbukira zimene ndinapempha pamanda paja. Ndinapempha mawu ngakhale ondikalipira, ndipo Ambuye anandipatsa ndendende amenewo.

Edina sanasiyenso sukulu. Lero ndi mphunzitsi ku Dowa, ndipo amati m'kalasi mwake ngakhale mwana wa benchi yakumapeto sanganamizire kuti sanamve. A Kanyemba anatisiya kalekale. Pakhomo la tchalitchi sanalowepo mpaka kufa, ndipo za moyo wawo akudziwa ndi Mwini, koma ine sindikayika kuti ndi Mulungu anawaika pajeke paja chifukwa cha mwana wanga. Ndikuthokoza Ambuye amene anamva pemphero la munthu wolakwa, ndikuthokozanso chifukwa sanandisankhire mthandizi amene ine ndikanamusankha.

Inu makolo anzanga amene mwana wanu wabwera kunyumba atalephera, samalani mawu oyamba amene mumuuze panjira, chifukwa amakhala nawo nthawi yaitali kuposa zotsatirazo. Mufunseni zimene ankafuna kunena. Ngati munalakwa kale monga ine, musataye mtima ndipo musaleke kupemphera, pepesani mwana akadali pafupi. Inu amene muli kwa eni opanda wokupatsani moni, Mulungu akudziwa kumene lole inakutulani. Edina akabwera kudzandiona amandipatsabe madzi atagwada, chifukwa ulemu sanautaye. Koma amandiyang'ana m'maso n'kundifunsa mokweza ngati ndamwa mankhwala anga, ndipo ndikayankha chapansipansi amati ndibwereze. Ambuye akudalitseni nonse.